Nyumba Zotha Anamangira Ena

Malemu amene tabwera kudzawaperekeza lero anabadwa pa 9 Juni 1956, ali mwana wachiwiri m'banja la ana asanu ndi mmodzi. Amene ndikuwerenga mbiriyi ndine mng'ono wawo amene ndinawaponda pamutu, ndipo abale andituma kuti ndinene zinthu mmene zinalili, osathira shuga. Dzina lawo la ubatizo mwalimva kale kwa abusa. Ambiri a inu munkawadziwa kuti a Maziko, ndipo kumene linachokera dzinalo mumva posachedwa. Ndisanapitirire, pepani nonse amene mwakhala pa njerwa ndi pa mulu wa mchenga, komanso amene mphepo ikukuombani kudzera m'mazenera opanda magalasiwa. Pano ndi pamene malemu ankakhala, ndiye sitikanakutengerani kwina.

Makolo athu sanakhalepo ndi nyumba yawoyawo. Bambo anali kondakitala wa basi, mayi ankachapira anthu zovala, ndipo tinakulira m'zipinda za lendi, zija zoti mnzako akayetsemula kuseri kwa khoma iwe umamva kukhosi kukuyabwa. Mu Januwale 1965, malemu ali ndi zaka zisanu ndi zitatu, pochokera kusukulu anapeza katundu wathu yense ali panja, mvula ikugwa. Sikuti bambo analephera kulipira. Mwana wa mwini nyumba ankakwatira ndipo ankafuna chipindacho, basi. Ife ana tinalira, mayi anangokhala pa mtolo wa zovala za eni ake atagwira tsaya, koma malemu sanagwetse msozi. Anatola makope awo onyowa n'kukawayanika pakhonde la sitolo pamene tinausapo mvula. Kuyambira chaka chimenecho, popita kusukulu ankaima paliponse pamene amisiri akukumba maziko, mpaka kuchedwa ndi kukakwapulidwa.

Sukulu anali atayamba mu 1963, ndipo masamu ankangowamwa ngati madzi. Mu 1971 anasankhidwa kupita ku sekondale, koma anangophunzirako zaka ziwiri chifukwa bambo anatisiya mu 1973 ndipo fizi inasowa. Mu 1974 analembedwa ntchito yonyamula katundu pa kampani ina yogulitsa zipangizo zomangira nyumba. Pasanathe zaka zitatu anawakweza kukhala woyang'anira mosungira katundu, chifukwa ankadziwa pamtima mtengo wa chilichonse, kuyambira msomali mpaka lata. Mwezi ukatha, anzawo akamapita kokasangalala, iwo ankabwerera kunyumba wapansi, nsapato zili m'manja kuti zisathe. Mu 1979 anagula puloti yoyamba kumapeto kwenikweni kwa tauni, kutchire kumene ngakhale agalu sankafikako. Anthu anawaseka kwambiri. Lero kumeneko kunadutsa msewu wa tala, ndipo ena mwa oseka aja akuchita lendi komweko.

Pa 14 Ogasiti 1982 anamanga ukwati woyera ndi alamu athu, amene akhala apowo pafupi ndi bokosi. Nthawi imeneyo alamu ankagwira ntchito pamalo ogulitsira mbande za maluwa ndi mitengo. Tsiku laukwati malemu anawalowetsa m'nyumba ya pa puloti ija. Makoma anali ataima, denga linali theka, chitseko chinali cha mgolo wophwanya. Anawalonjeza kuti apirire pang'ono, nyumba itha. Ndipo lonjezo anasunga, pakuti mu 1984 nyumba inatha, ya magalasi, ya siling'i, yopaka utoto wobiriwira. Alamu anasoka makatani ndi manja awo n'kuwapachika. Sabata isanathe, kalaliki wina wa kubanki anabwera kudzayeza zipinda ndi maso, ndipo m'pamene alamu anadziwa kuti malemu anali atagula kale puloti yachiwiri n'kufolera zipinda ziwiri. Malemu anawafotokozera mofatsa kuti lendi ya nyumba yotha ndiyo igule simenti ya nyumba inayo, komanso kuti nyumba yosatha ikakhala yopanda anthu akuba amazula mafelemu, ndipo mlonda wabwino, wosalipidwa, ndi mwini wake. Alamu anatsitsa makatani aja, poganiza kuti ndi kamodzi kokha.

Sikanali kamodzi. Kuyambira 1984 moyo wa banja ili unayenda motero: kulowa m'nyumba ya makoma okhaokha, kutseka mazenera ndi mapepala a pulasitiki, kuphika pakati pa matumba a simenti, kugona fumbi la pulasitala likugwera pabulangete, ndipo utoto ukangouma, lole n'kufika pakhomo. Dzina la a Maziko linachokera pamenepo, chifukwa mmisiri asanatsike padenga la nyumba ino, iwo anali atakumba kale maziko kwina. Ana anayi anabadwa mu 1983, 1986, 1989 ndi 1993, aliyense nyumba yakeyake, moti mpaka lero akamakumbutsana zakale satchula chaka, amangoti tili kunyumba yopanda chitseko cha bafa, kapena tili kunyumba ya achule. Alamu anali ndi kabati ya magalasi imene mayi awo anawapatsa paukwati. Pakusamuka kulikonse galasi limodzi linkasweka, ndipo imene mukuiona m'chipindamo yangotsala matabwa. Pa puloti iliyonse alamu ankadzala mtengo wa zipatso, koma palibe ndi umodzi womwe umene anadyako chipatso chake choyamba. Potsiriza anayamba kudzala maluwa awo m'zitini za penti, kuti azikwera nawo lole.

Mu Epulo 1995 mwana wachitatu, ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, anagwera m'dzenje la zonyansa za m'chimbudzi limene linali litakumbidwa koma lisanavundikiridwe. Anathyoka mwendo pawiri ndipo amatsimphina mpaka lero. Malemu anamunyamula pamsana kuthamanga naye kuchipatala, ndipo tsiku limenelo ndinawaona akulira koyamba chibadwire. Tonse tinati basi, apa aphunzira, banja likhazikika. Anavundikira dzenjelo sabata yomweyo, ndipo kuyambira pamenepo dzenje lililonse pa puloti yawo linkatchingidwa ndi matabwa lisanagone. Phunziro limene anatolapo linali limenelo. Chaka chotsatira anasamukanso.

Mu 1998 anasiya ntchito kuti aziyang'anira nyumba zawo, zimene panthawiyo zinali zisanu. Mu 2001 iwo ndi anzawo ena okhala ndi nyumba za lendi anayamba kukumana Loweruka lililonse masana pakhonde la sitolo ya zipangizo zomangira, atakhala pa zidebe za penti. Abale a gulu la Loweruka, ndakuonani mwakhala kutsogoloku, ndipo mukudziwa kuti sindikunama ndikati malemu ndiwo anali mphunzitsi wanu. Ankakuuzani kuti puloti muzikaiona nthawi ya mvula, chifukwa m'chilimwe dambo lililonse limaoneka ngati bwalo. Ankati gulani kumene anthu akuseka, pakuti kumene akuyamikira mtengo unakwera kale. Ankati denga likadontha konzani tsiku lomwelo. Ankati tenanti wolipira bwino musamutulutse chifukwa cha wina wolonjeza zambiri, fodya wako ndi amene ali pamphuno. Analinso ndi malamulo atatu amene sankafuna kuti munthu awatsutse. Loyamba, nyumba sabwereketsa kwa mbale kapena kwa mnzako, chifukwa tsiku lomutulutsa udzasowa poyambira. Lachiwiri, tenanti asayerekeze kubwereketsa chipinda kwa munthu wina. Lachitatu, mwini nyumba akagona m'nyumba yotha ndiye kuti akudya mbewu. Ambiri a inu munalemera ndi malangizo amenewa. Koma lamulo lachitatulo munkangoliombera m'manja, madzulo aliyense n'kubwerera kunyumba yake ya matailosi. Amene ankalitsatira anali munthu mmodzi yekha, ndipo amene ankalilipira anali alamu.

Tisawalakwire malemu. Kwa anthu okhala m'nyumba zawo anali bambo weniweni. Mpopi ukaphulika m'mawa, dzuwa lisanafike pamutu anali atafika ndi sipanala. Tenanti akachotsedwa ntchito ankamudikira mpaka apeze ina. Pa zaka zonsezi sanaikepo katundu wa munthu panja, ndipo akamva kuti wina wa gulu lawo wachita zimenezo, ankamunyanyala mwezi wathunthu. Ana onse anawaphunzitsa mpaka pamene nzeru zawo zinathera. Ana a alongo athu awiri anawalipirira fizi popanda kuwerengera. Mowa sankamwa, mkazi wina sitinamvepo. Anali munthu wabwino, ndipo n'chifukwa chake nkhaniyi ikutipweteka, pakuti munthu woipa ukanangomunena n'kupepukidwa mtima. Koma taganizani, mpopi wa tenanti kukonzedwa tsiku lomwelo, pamene alamu anatunga madzi ndi ndowa pa mpopi wapanja mpaka tsitsi kuchita imvi.

Mu 2012, ukwati wawo utakwanitsa zaka makumi atatu, ali m'nyumba yachisanu ndi chinayi, alamu anaitana ife abale n'kudandaula koyamba. Sanakweze mawu. Anangoti msana watopa ndi kumanga mitolo, ndipo akufuna khomo loti adzukulu akabwera chaka chamawa adzawapeze pamalo omwewo. Malemu anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anatulutsa pensulo kukhutu n'kuyamba kutiwerengera. Anati zikakwana khumi ndi ziwiri, lendi idzakwanira kudya, mankhwala ndi kukonzetsa nyumba zonse, ndipo yachikhumi ndi chiwiriyo idzakhala ya alamu, palibe adzaigwire. Tinawakumbutsa kuti ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Iwo anaseka n'kunena kuti pusiyo analibe pulani. Nthawi imeneyi mwana wawo woyamba anali atayamba kale kuyenda nawo, kutolera lendi ndi kukhala nawo pa zidebe za penti Loweruka, ndipo ankayankhula ngati bambo ake, mpaka kaikidwe ka pensulo kukhutu.

Mu Meyi 2021 anasamukira pano, m'nyumba yachikhumi ndi chiwiri ija. Uku kunali kusamuka kwa khumi ndi kamodzi. Koma ntchito inayenda pang'onopang'ono, chifukwa zipangizo zinali zitakwera mtengo, nyumba zakale zinkafuna malata atsopano, ndipo malemu ankati za matenanti ziyambe, zathu zidikire. Mu 2023 anayamba kutsokomola. Ankati ndi chimfine cha fumbi, chitha chokha, ndipo ankamwa madzi otentha n'kubwerera kukasefa mchenga. Mu Okutobala 2024 anakomoka ali pamakwerero ndipo anagonekedwa m'chipatala milungu itatu. Madokotala anatiuza kuti mapapo awo aonongeka ndi fumbi limene anapuma zaka zambiri, ndipo sangabwererenso mwakale. Powatulutsa anatilangiza chinthu chimodzi momveka bwino, kuti akagone m'chipinda chouma, chofunda, chopanda fumbi, apo ayi tikhala tikuwafupikitsira masiku.

Apa m'pamene tinaona kuti mapanga awiri avumbwitsa. Munthu wa nyumba khumi ndi ziwiri analibe chipinda chimodzi chotere. Pano mukuona nokha, makoma alibe pulasitala, siling'i kulibe, pansi ndi dothi ndi simenti yokhakhala. Mwana woyamba anati tithamangitse amisiri amalize chipinda chimodzi, koma kupaka pulasitala ndiko kuonjezera fumbi ndi chinyontho. Mwana wamkazi, wachiwiri uja, anati abwere kwawo, koma iye amakhala m'nyumba yosanja, pamwamba penipeni, ndipo malemu sakanatha kukwera masitepe. Tinawapempha kuti apereke notisi kwa tenanti mmodzi. Anakana kwamtuwagalu. Anati onse khumi ndi mmodzi amalipira bwino, ena ali ndi ana asukulu, mvula yayandikira, ndipo iwo sangachitire mwana wa munthu zimene anachitiridwa ali mwana. Anabwerera pano n'kugona kuseri kwa pepala la pulasitiki. Mwezi wa Novembala wonse ankatsokomola moti anthu odutsa mumsewu ankaima. A gulu la Loweruka anabwera kudzawaona, anabweretsa zipatso, ndipo asanatuluke anawafunsa maganizo awo pa puloti ina imene inkagulitsidwa.

Mu Disembala 2024 alamu anachita chinthu chimene sanauze aliyense. Anavala bwino, anakwera basi, n'kupita kunyumba yachinayi, imene pa zonse ankaikonda kwambiri chifukwa khitchini yake imalowa dzuwa la m'mawa. M'nyumbamo mumakhala mayi wina wosoka zovala, amene tonse timangowatchula kuti atelala, ndipo akhalamo zaka zoposa makumi awiri. Alamu anagogoda pachitseko chimene anachipaka vanishi okha kalekale, anadikira kuuzidwa kuti lowani, ndipo anapempha kuti awabwereke chipinda chimodzi pa lendi. Atelala anachita manyazi mpaka kugwetsa misozi, anati nyumba ndi yanu, tengani chipinda chilichonse, ndalama ayi. Alamu anakana. Anati chinthu chaulere munthu amakutulutsa tsiku limene wafuna, iwo akufuna kulipira. Analipira ndi ndalama zawo za mbande za maluwa. Atelala anatulutsa makina awo awiri m'chipinda chosokera n'kuwaika pabalaza, anakolopa, anayala bedi.

Malemu atamva anapsa mtima ngati mmene sindinawaonerepo. Anati atelala aphwanya pangano, tenanti sabwereketsa chipinda, ndipo akadzuka adzawalembera chenjezo. Anati a gulu la Loweruka akamva adzawaseka mpaka kumanda. Koma mphamvu zokanira zinali zitatha, ndipo tinawanyamula anthu anayi kuwakweza m'galimoto akung'ung'udza. Masiku oyamba ankangoyang'ana kudenga. Kenako anayamba kuloza misomali ya siling'i n'kumauza alamu imene anakhoma okha ndi imene anakhoma kalipentala, ati ya kalipentala ndi yokhota. Tsiku lina masana kunagwa chimvula champhamvu. Ine ndinali nditakhala pambali pa bedi. Malemu anatsegula maso n'kufunsa ngati mvula ija inalephera kugwa. Tinawauza kuti ikugwa ndithu, ayang'ane pazenera. Anayang'ana nthawi yaitali. Moyo wawo wonse mvula ankaidziwa ndi phokoso la malata losamvana nalo mawu, ndi kuthamanga kokatchera mabeseni. Sankadziwa kuti m'nyumba zimene iwo ankamanga, mvula imagwa anthu akucheza. Anatembenukira kwa alamu n'kuwagwira dzanja. Ine ndinatuluka panja chifukwa misozi inandigonjetsa.

Anakhala m'chipinda chimenecho miyezi iwiri. Chifuwa chinachepako, ankadya, ankaseka ndi adzukulu, ndipo chenjezo lija sanalembe. Kumayambiriro kwa Febuluwale anayambanso kubanika. Tinathamangira nawo kuchipatala, anawaika pa mpweya, koma iwo anapempha kuti abwerere kuchipinda kwawo, ndipo ponena kuti kwawo ankatanthauza kwa atelala. Tinawabwezera komweko. Anatsikira kuli chete pa 11 Febuluwale 2025 m'mawa, ali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi kudza zisanu ndi zitatu, alamu ali pambali pawo. Mwini nyumba khumi ndi ziwiri anamwalira ali tenanti wa tenanti wake.

Tsopano ndifike pa zimene zatisowetsa tulo masiku ano, pakuti abale anati ndisabise. Thupi lisanachoke n'komwe kuchipatala kumene tinakalisungitsa, ena a gulu la Loweruka anatengera pambali mwana woyamba n'kumupatsa malangizo. Anati nyumba inoyi ili pamalo abwino, pali kampani imene ikufuna nyumba ya bwana wake ndipo ingalipiriretu chaka chonse, ndalamazo zimalize nyumbayi, ndipo mayi ake awamangire kanyumba ka zipinda ziwiri kuseriku. Sindikuti anali ndi mtima woipa. Anayankhula zimene anaphunzitsidwa, ndipo malemu akanakhala pa chidebe chawo cha penti, nkhani ikanakhala ya mkazi wamasiye wa munthu wina, mwina akanagwedeza mutu kuvomereza. Mwana woyamba anaona kuti ndi nzeru. Mlongo wake atamva anakalipa, anati bambo analonjeza pamaso pa abale kuti nyumbayi ndi ya amayi. Anakangana pomwe pano, anamfedwa akumva, mpaka kutchulana zakale, za mwendo wa mng'ono wawo ndi zina zimene sindingabwereze. Kufikira m'mawa uno awiriwa sanapatsane moni, ndipo mukuona mmene akhalira motalikirana. Ana inu, bambo anu ali m'bokosi umo, ndipo zimenezi zikutichititsa manyazi.

Dzulo masana tinakhala pansi monga banja, ndipo alamu, amene anapirira zaka makumi anayi ndi ziwiri, anayankhula. Andipempha kuti ndinene mawu awo pamaso pa anthu kuti pasadzapezeke wowatembenuza. Anati m'nyumba ino sagonamonso, yosatha kapena yotha. Anati aona kakhumi ndi kamodzi kuti utoto ukangouma pamabwera munthu ndi ndalama, pamapezekanso chifukwa chomveka bwino, ndipo mwana wawo amamukonda koma ali ndi maso a bambo ake. Anati safuna kuti tenanti aliyense atulutsidwe chifukwa cha iwo, pakuti ululu womanga mbale m'nsanza amaudziwa kuposa tonsefe. Chimene akufuna n'chimodzi. Akufuna kuchita lendi, m'nyumba ya munthu wina, osati ya banja lino. Anati pa moyo wawo wonse anthu amene anawaona akukhala mwamtendere, m'nyumba zotha, denga likadontha wina n'kuthamanga kudzakonza, anali matenanti. Nawonso akufuna alaweko asanafe. Lendi idzachokera pa gawo lawo la nyumba za malemu, ndipo pamenepa ana onse anayi anavomera, ngakhale kuti aliyense anavomera akuyang'ana kumbali.

Tinaona ngati nkhani yapepuka, poti anzawo a malemu ali ndi nyumba zambirimbiri. Madzulo a dzulo lomwelo ine ndi mkamwini wathu tinapita pamene anakhala a gulu la Loweruka n'kuwafotokozera. Tinati tikufuna nyumba ya zipinda ziwiri, ya siling'i, madzi a m'nyumba, ndi kabwalo koti munthu adzalepo mtengo, ndipo tilipiriratu miyezi itatu monga mwa masiku onse. Tikudziwa kuti awiri mwa iwo ali ndi nyumba zopanda anthu pakali pano. Onse anayang'ana pansi. Wina anakanda m'mutu, wina anayamba kuyankha foni imene sinaitane. Potsiriza wamkulu wawo anatiuza mwaulemu, ndipo ndikuwayamikira chifukwa sananame, kuti alamu ndi ngati mlongo wawo, ndipo a Maziko anawaphunzitsa kuti nyumba sabwereketsa kwa mbale kapena kwa mnzako. Tinangotsazika n'kubwerera, chifukwa mawuwo tinkawadziwa mwini wake.

Malemu asiya mkazi mmodzi, alamu athu. Asiya ana anayi, amuna atatu ndi wamkazi mmodzi, apongozi atatu ndi adzukulu asanu ndi awiri. Asiya ine mng'ono wawo ndi alongo awiri, pakuti ena awiri anatsogola kale. Asiyanso mabanja khumi ndi limodzi amene usiku uno agona m'nyumba zosadontha chifukwa cha thukuta lawo, ndipo ambiri mwa iwo ali pano, alira nafe ngati abale.

M'malo mwa banja ndithokoze abusa ndi akumpingo amene sanatope kudzapemphera nafe, madokotala ndi anamwino amene anatiuza zoona, amayi amene akhala pamoto masiku onsewa, anyamata amene akumba manda, ndi amisiri amene anabwera okha kudzasalaza pabwalo pano kuti anthu apeze pokhala. A gulu la Loweruka, mwagula bokosi ndipo mwapereka magalimoto, zikomo kwambiri, zimenezi sitiziiwala. Mwapadera ndithokoze atelala, amene miyezi iwiri asokera pabalaza, makasitomala akuyezedwa pakhonde, kuti achimwene apume mpweya wabwino. Mayi, tilibe mawu okwanira. Mwatiuza kuti alamu akhoza kukhalabe, koma tikudziwa kuti mwana wanu akubwera kudzachira kwanu mwezi wamawa ndipo chipindacho chikufunika. Alamu anena okha kuti atuluka mwezi uno ukatha.

Choncho pempho lathu lomaliza likupita kwa inu amene simutidziwa bwino, amene mwangobwera chifukwa maliro n'kulirana. Ngati pali wina amene ali ndi nyumba yotha, amene sanadyepo m'mbale imodzi ndi malemu ndipo sanakhalepo pakhonde lija Loweruka, tikabwerako kumanda andipeze pa mulu wa njerwa uwo. Tenanti wake ndi mayi wachikulire, waukhondo, wopanda phokoso, wosachedwetsa lendi, ndipo nyumba amadziwa kuisamala, pakuti wakonzera anthu ena nyumba khumi ndi imodzi.

Achimwene, munagwira ntchito, munatopa, ndipo tinkakukondani ngakhale pamene tinkakukwiyirani. Mulungu akulandireni, mzimu wanu uuse mumtendere. Alamu amanga kale katundu wawo, ulendo uno sanadikire kuuzidwa.